Bolopeni, sipiriti ndi khoma lonyowa

Bolopeni ikaphulika m'thumba la yunifolomu, kholo lililonse limadziwa kuti madzi ndi sopo sizithandiza. Kwathu zinachitika mwezi wathawu. Tinayala pepala kunsi kwa nsaluyo n'kudonthetsera sipiriti pa bangalo. Titachotsa pepala lija tinapeza inki itayenderera ngati khoma lomwe lamwa mvula, pakati poderapo, m'mbali motuwa. Mwana wathu wa Sitandade 7, amene amadzaza nyumba kumapeto kwa makope ake, anati, "Amayi, musataye pepalalo."

Lamulungu lotsatira tinatengera nzeruyi kwa ana a Pathfinder pano pa Milepa. Tinawapempha kuti aliyense ajambule ndi bolopeni nyumba yomwe akuiona, kenako tiyese kusungunula inkiyo.

Poyamba tinayesa madzi, koma mizere sinasunthe. Inki ya bolopeni ndi yolimba ngati phala ndipo sigwirizana ndi madzi. László Bíró, mtolankhani wa ku Hungary amene analembetsa cholemberachi mu 1938, ankafuna inki youma msanga ngati ya nyuzipepala. Sipiriti ndiye amaisungunula. Sanitaiza wa m'manja nayenso amatero, ndipo wokhuthala uja amayenda pang'onopang'ono, choncho ana aang'ono amamulamulira bwino.

Titawononga mapepala angapo, njira yomwe inatiyendera ndi iyi. Jambulani kaye mizere ya denga, zitseko ndi mazenera mosasindikiza. Pomwe mukufuna mthunzi, monga kunsi kwa malata, m'khonde ndi m'munsi mwa khoma, khwatchani timizere tambiri tothinana. Kulungani kathonje ku mtengo wa machesi, kaviikeni pang'ono, n'kukhudza pa timizereto mukukokera komwe madzi a mvula akanatsikira. Dikirani paume, kenako bwerezani njerwa ndi ngodya ndi bolopeni. Mukalemba pakadali ponyowa, pepala limabooka.

Pepala la m'kope ndi lopyapyala, inki imadutsira kuseri, choncho yalani nyuzipepala yakale kunsi. Pepala lokhuthala ndiye labwino. Bolopeni yabuluu imapereka mthunzi wa malata, yofiira imatuwa n'kufanana ndi njerwa zootcha, ndipo yakuda inatidabwitsa: ikasungunuka imatulutsa mtundu wa pepo, chifukwa mkati mwake muli utoto wosakaniza.

Wina angafunse kuti kujambula nyumba kuli ndi phindu lanji. Tinawakumbutsa anawo za Mbombwe, m'boma lathu lomwe lino la Chiradzulu. Tchalitchi cha njerwa chimene John Chilembwe anamanga ku Providence Industrial Mission, chomwe chinatha mu 1913, asilikali a boma la atsamunda anachiphwasula mu 1915. Maonekedwe ake timawadziwa lero chifukwa cha zithunzi. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zambiri m'boma muno, ndipo mabanja ena alibe ngakhale chithunzi cha pomwe ana awo anabadwira.

Koma phindu lalikulu tinaliona sabata yachiwiri, titauza ana kuti ajambule nyumba za kwawo. Mtsikana wina anabweretsa chithunzi chomwe khoma la kuseri analinyowetsa ndi inki kuyambira pansi kufika pafupi ndi zenera, ndi kamzere kokhotakhota kotsika pa ngodya. Tinamuuza kuti sipiriti wamuchulukira. Iye anati, "Ayi, ndi mmene lilili." Titapita kukaona ndi mayi ake, tinapezadi khoma lachinyezi, ndere m'munsi, ndi mng'alu wolowa chala. Madzi a padenga ankagwera pa maziko penipeni chifukwa panalibe ngalande. Kuseri kwa khomalo ndi kuchipinda kogona ana.

Banjalo limadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, koma diso linazolowera. Wojambula yekha ndiye amakhala pansi ola lathunthu n'kumayang'ana khoma limodzi. Chinyezi ndi chuku m'chipinda zimakulitsa chifuwa ndi mphumu, ndipo khoma la zidina lomwe lamwa madzi ndi lomwe limagwa usiku mvula ikalimbikira. Bambo a mwanayo akumba kale ngalande, ndipo ana awasamutsira ku balaza mpaka mmisiri adzaone mng'aluwo.

Tsono za sipiriti tisachite nazo chibwana. Wofiirira wa m'sitolo uja kawirikawiri amakhala ndi methanol, poizoni amene amachititsa khungu kapena kupha munthu akamwa. Musamuthire m'botolo la madzi kapena la zakumwa. Botolo lizikhala ndi munthu wamkulu, ana azipatsidwa m'kachivindikiro kokha. Sipiriti ndi sanitaiza zimayaka msanga, choncho ntchitoyi ichitike masana, panja kapena pakhonde, kutali ndi mbaula, kandulo ndi koloboyi. Akagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Mwana akamwa, musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala mutatenga botololo.

Mvula isanayambe, patsani mwana bolopeni ndi pepala, ajambule mbali zonse zinayi za nyumba yanu, osaiwala chimbudzi ndi khitchini. Muuzeni asakometsere: pomwe pali mng'alu alembe mng'alu, pomwe chiswe chamanga alembe chiswe, pomwe panyowa anyowetse. Alembe deti pansi pake. Kenako khalani pamkeka banja lonse, muone chithunzicho, ndipo muzungulire nyumbayo muli nacho m'manja. Mukachisunga bwino, chaka chamawa mudzayerekeze ndi chatsopano kuti muone ngati mng'alu uja wakula.