MAU A PA BANJA: Kodi Ana Athu Tiwasiyira Yani?

Mwezi uno tifuna kuceza nanu za cinthu cimene cisautsa mitima ya amai ambiri pa cilumba ca Likoma. Usipa ukagwa, amai alawirira ku gombe kukayanika nsomba pa thandala. Ena apita ku munda wa cinangwa, ena ku nchito ya ku cipatala, ya ku sukulu, kapena ya ku nyumba za alendo. Nanga makanda atsala ndi yani? Kawirikawiri atsala ndi kamtsikana kamene kakadayenera kukhala m'kalasi, kapena ndi agogo amene maso ao anafooka kale. Ndipo nyanja iri pafupi, moto wa pa mafuwa uli pafupinso.

Lamulo la dziko silinaiwale amai a pa nchito. Lamulo la za nchito la caka ca 2000 lipatsa mai wolembedwa nchito masabata 8 opumula akacira, ndipo m'caka ca 2021 anaonjezapo kuti apatsidwe nthawi yoyamwitsa mwana kawiri pa tsiku. Izi nzabwino ndithu. Koma mai wa ku gombe salembedwa ndi munthu, ndipo ngakhale wolembedwayo, masabata aja akatha, ayenera kupeza manja ena omsungira mwana. Cifukwa cace midzi yambiri inamanga sukulu za mkombaphala, kumene ana asonkhana pamodzi pansi pa mlezi. Funso lathu ndi ili: mleziyo anaphunzira kodi?

Ena ati, Kulera mwana kulibe sukulu, mkazi ali yense adziwa. Ife tikana. Taonani chalichi cacikuru ca Petro Woyera pa Chipyela, cimene a Mishoni ya Angilikani anayamba kumanga m'caka ca 1903. Amene anasema miyala yace ndi kupala matabwa ace anayamba aphunzira kugwira zida, ndipo makoma aja aimabe kufikira lero. Ngati mwala wosamva ufuna mmisiri wophunzira, nanga kotani mwana, amene ali ndi mzimu wosafa? Kulera wako mmodzi ndi cinthu cina; kusunga ana a eni ace ambiri nthawi imodzi ndi cinthu cinanso.

Tsono mlezi woyenera akhale wotani? Coyamba, akhale munthu wamkuru, wa mbiri yabwino, wosaledzera, wosafulumira kukwiya, wosankhidwa poyera ndi makolo pamodzi ndi mfumu. Caciwiri, adziwe kuwerenga ndi kulemba, kuti alembe maina a ana m'buku, nawawerenge pofika ndi pocoka. Pakuti pafupi ndi madzi mwana mmodzi wosowa pa ciwerengero ndiye maliro. Cacitatu, adziwe za umoyo: kusamba m'manja ndi sopo asanagwire cakudya, kumwetsa ana madzi otetezedwa, kuwaletsa kusewera m'madzi osayenda a m'mabango mmene muli nkhono za likodzo. Mwana akatsegula m'mimba, asungunule paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino, nammwetse pang'ono pang'ono. Thupi likatentha, aitane makolo, napite naye ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira mawa. Cacinai, adziwe kuphika phala lopatsa mphamvu, monga lija la cimanga ndi soya limene linatenga dzina lace ku Mishoni yathu ya Likuni. Ndipo pano usipa wosinja suli kutali. Cacisanu, adziwe kuphunzitsa ndi nyimbo, nthano ndi masewera, wosagwira ndodo. Pakuti mwana woopsedwa atseka pakamwa, natsekanso nzeru.

Zonsezi munthu sabadwa nazo. Boma, pamodzi ndi mabungwe olithandiza, liphunzitsa alezi maphunziro oyamba a masabata awiri, ndipo ofesi ya cisamaliro ca anthu pa boma ndiyo iyang'anira nchito imeneyi. Masabata awiri ngocepa, inde. Komatu apambana kusaphunzira konse. Akulu a komiti apite ku ofesiyo, akalembetse alezi ao, ndipo asatope kukumbutsa.

Mau amodzi atsala, ndiwo owawa. Alezi ambiri agwira nchito mongodzipereka, osalandira kanthu. Njala ikalowa m'nyumba, asiya ana napita kukafuna ufa, ndipo maphunziro ao apita nao. Kumbukirani mbiri ya Mose wakhanda pa mtsinje wa Nile: mlongo wace anamyang'anira kanthawi kocepa, koma womlera anali mkazi wamkuru, ndipo mwana wa Farao anamlipira mphotho yace. Ngati wakunja anadziwa cilungamo cimeneci, kodi ife Akristu ticepekedwa? Banja liri lonse licotseko mbale ya usipa, kapena ufa, kapena kandalama pa mwezi. Ndipo olemba amai nchito asonkheko gawo lao, popeza mai wopanda nkhawa agwira nchito ndi manja awiri.

Makolo athu anati, Mmera mpoyamba. Pa Mulungu likudzali, itatha Misa, khalani pansi m'Miphakati yanu, mufunsane maina a alezi a ana anu, ndi amene mwa iwo anaphunzira. Maria Woyera, amene analera Ambuye athu ku Nazareti, asunge mabanja anu onse.