Ayuda si wotchi yowerengera masiku otsiriza

Mabomba akangolira ku Middle East, maguwa ena kwathu kuno amatentha. Mlaliki amayamba ndi Genesis 12, kudumphira ku Ezekieli 38, n'kukathera ku Chivumbulutso, ndipo pofika nthawi ya chopereka amakhala atalengeza kale kuti mkwatulo uli pakhomo. Mpingo umakuwa ameni. Anthu amene afa usiku umenewo, kaya ku Gaza kaya ku Israel, satchulidwa ngati maliro. Asanduka zizindikiro.

Malonjezo aja alipodi, palibe angawafufute. Abrahamu analonjezedwa mbeu ndi madalitso, ndipo Genesis 15 imatchula malire a dziko, kuyambira ku mtsinje wa ku Egypt mpaka ku Euphrates. Yeremiya ndi Ezekieli analosera za kubwerera kwa Ayuda kwawo, ndipo ankalankhula kwa anthu amene anaona Jerusalem akugwa m'chaka cha 586 Yesu asanabadwe. Ambiri anabwereradi pamene mfumu Koresi inawalola. Chachilendo ndi kusokerera mavesi amenewa pa kalendala ya lero, ndipo mmisiri wake timamudziwa dzina.

Ndi John Nelson Darby, yemwe anasiya unsembe mu Church of Ireland. M'zaka za m'ma 1830 anayamba kuphunzitsa kuti Mulungu ali ndi magulu awiri osiyana a anthu ake, mpingo ndi Ayuda. Kuti mpingo udzakwatulidwa mwakachetechete, kenako padzabwera zaka 7 za chisautso pamene Mulungu adzatembenukirenso kwa Ayuda. M'chaka cha 1909 Cyrus Scofield anatulutsa Baibulo lokhala ndi ndemanga za chiphunzitsochi m'munsi mwa masamba, ndipo owerenga ambiri ku America anameza malemba ndi ndemanga pamodzi osasiyanitsanso. Augustine, Luther ndi Calvin sanaphunzitse zimenezi. Katekisimu wa Akatolika alibe mkwatulo wachinsinsi, chimodzimodzinso zivomerezo zakale za mipingo ya Chipresibiteriya. Choncho wina akakuuzani kuti Akhristu akhala akukhulupirira zimenezi kuyambira kalekale, muuzeni kuti sizinakwanitse ndi zaka 200 zomwe.

Dziko la Israel litakhazikitsidwa pa 14 May 1948, otsatira Darby anati mkuyu wa pa Mateyu 24 waphuka. Hal Lindsey, m'buku lake la 1970, The Late Great Planet Earth, anawerengera m'badwo kukhala zaka pafupifupi 40, zomwe zinkaloza 1988. Edgar Whisenant anachita kusonkhanitsa zifukwa 88 zoti mkwatulo uchitika chaka chimenecho. Chaka chinatha anthu akulimabe, iye n'kusunthira ku 1989. Ena anangosintha poyambira, kuti tiwerenge kuchokera 1967 pamene Israel inalanda kum'mawa kwa Jerusalem. Komatu pa Machitidwe 1, ophunzira atafunsa Yesu za kubwezera ufumu kwa Aisraeli, iye anawauza kuti nthawi zimenezo si zawo kuzidziwa. Alaliki athu apeza njira yodziwira zimene Petro anakanizidwa.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi chikondi cha pa Ayuda chomwe alalikiwa amadzitama nacho. Tawerengani seweroli mpaka kumapeto muone gawo limene Myuda wapatsidwa. Ambiri a alalikiwa amati Zekariya 13:8 sinakwaniritsidwe: Ayuda akadzasonkhana m'dziko lawo, awiri mwa atatu alionse adzafa, otsalawo n'kulandira Yesu. Mnzako wotani amene amakuitanira kwanu akudziwa kuti, malinga ndi chikhulupiriro chake, ukukafa kapena kukasiya chipembedzo cha makolo ako? Pamene America inkatsegula ofesi ya kazembe ku Jerusalem pa 14 May 2018, anapemphera ndi alaliki Robert Jeffress ndi John Hagee. Jeffress anali atanenapo kuti Chiyuda chimatsogolera anthu ku gehena. Hagee analalikirapo kuti Hitler anali mlenje wotumidwa kukusira Ayuda ku dziko lawo, mawu amene anachititsa John McCain kukana thandizo lake pa chisankho cha pulezidenti wa America cha 2008. Awa ndiye abwenzi?

Pasapezeke wonditenga ngati wonyoza Ayuda. Mpingo uli ndi mlandu waukulu pa iwo, chifukwa chiphunzitso choti Mulungu anawataya chinathirira chidani cha zaka mazanamazana ku Ulaya, ngakhale Paulo pa Aroma 11 anachenjeza amitundu kuti asadzitukumule. Anthu pafupifupi 1,200 amene anaphedwa ndi Hamas pa 7 October 2023 anali ana a anthu, osati mavesi okwaniritsidwa. Momwemonso amene anafa pasanathe milungu iwiri, bomba la Israel litagwa pa malo a tchalitchi cha Saint Porphyrius ku Gaza, kumene anathawira. Ku Bethlehem ndi ku Gaza kuli Akhristu achipalestina obatizidwa ngati ife. Pa tchati cha mkwatulo malo awo palibe, ndipo n'chifukwa chake mayina awo samveka pa mapemphero athu a usiku wonse.

Nkhaniyi yatifika kale pakhomo. Kamuzu Banda anasunga ubale ndi Israel pamene mayiko ambiri a mu Africa anaudula mu 1973. M'chaka cha 2020 boma la Lazarus Chakwera linalengeza zotsegula ofesi ya kazembe ku Jerusalem, koma inakatsegulidwa ku Tel Aviv mu 2024. Kuyambira November 2023, nkhondo ili m'kati, achinyamata athu akhala akukwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko. Wina akafunsapo mafunso, pamapezeka womutseka pakamwa ndi Genesis 12:3, ati wotsutsa Israel akudziitanira temberero. Israel ya lero ndi boma lokhala ndi nduna, zipani ndi asilikali, ndipo Ayuda eniake amalitsutsa m'misewu ya Tel Aviv. Aphungu athu nawo afunse poyera kuti mwana wa ku Dowa akulandira ndalama zingati, akugona pati, ndipo belu la ngozi likalira akathawira kuti.