Pa ulendo, musiyeni mnzanu ndi mbale yake

Anzanga, ena mukukumbukira kuti ndili Fomu 2 ndinawonda mpaka siketi ya yunifolomu ndinkachita kuigwiritsa ndi pini. Mphekesera zinali mbwee: ena ankati ndili ndi kachilombo, ena ankati andilodza. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa chakudya. Ndinkanama kuti ndadya kale, ndipo akandikakamiza ndinkakasanza kuseri. Kuchipatala anandiuza kuti amenewa ndi matenda a maganizo otchedwa anorexia, ndipo amagwiranso anyamata.

Panopa ndikupezako bwino. Chondithandiza ndi kudya pa nthawi zoikika, kaya njala ndikuimva kaya ayi. Kunyumba zimatheka, koma ulendo umasokoneza zonse.

Mu Ogasiti ndinatsagana ndi amayi ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Katete. Pa bodala ya Mwami mzere unali wautali, nthawi ya nkhomaliro inatipitirira tili chiimire. Pomwepo maganizo akale aja anabwerera: wadumpha kale kamodzi, ingodumphanso madzulo. Amayi sanalankhule kanthu. Anatulutsa mtedza wokazinga ndi nthochi m'chikwama, n'kuyamba kudya okha uku akundifotokozera za gule amene tikaone. Osandiyang'ana pakamwa. Ndinangozindikira nanenso ndikutafuna.

Zovuta zinali ku Chipata kumene tinagona. Azakhali atangondiona anakuwa: "Iii, koma wanenepatu! Masaya abwerera!" Iwo ankayamikira, ndikudziwa. Kwathu kuno kunenepa ndi chizindikiro choti munthu ali pabwino. Koma kwa munthu amene wakhala chaka chathunthu akuopa thupi lake lomwe, mawu amenewo amalasa. Kenaka anapha nkhuku, n'kundiikira mitanda itatu ya nsima, anthu onse maso ali pa ine. Usiku umenewo ndinangotsinako pang'ono, ndipo m'mawa mwake zinali ngati ndikuyambiranso.

N'chifukwa chake ndikuti pa maulendo athu a mpira ndi a makalabu tisiye kuwerenga mitanda ya anzathu. Mumadziwa mmene timachitira basi ikaima pogula tchipisi. Uyu akadya kwambiri timamuti dyera, uyo akakana timati akufuna figa. Timaseka, koma sitidziwa amene nthabwalayo amupweteka mpaka kunyumba.

Ndikudziwa ena muti awa ndi matenda a azungu, kapena matama: anthu anagona ndi njala pa chilala cha 2024, iwe n'kumakana nsima? Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri, ndipo manyazi ndinachita, aakulu ndithu. Kungoti manyaziwo sanandidyetse ngakhale mbamu imodzi. Anangondiphunzitsa kubisa bwino. Komanso sindikunyoza mwambo wopatsa mlendo chakudya, ayi, umenewo ndi chikondi. Ndikungoti mlendoyo adzigawire yekha, ndipo akati zakwana, zakwana.

Ukaona mnzako akuzemba chakudya masiku angapo, kapena akuthamangira kuchimbudzi akangodya, usalengeze m'basi. Mufunse muli awiri, kapena uuze aphunzitsi amene umawakhulupirira kuti amuthandize kukaonana ndi achipatala. Ine pandekha sindikanasiya.

Ulendo ukubwerawu ndipita nawo. Mudzandipeza mpando wakumbuyo ndi kajumbo ka mtedza, ndipo 10 koloko ikadzakwana ndidzatsegula. Amene akufuna adzabwere tidzatapire limodzi, bola nkhani ikhale ya Bullets ndi Wanderers.

Mnzanu wa Fomu 3