Alendo a ku Atami auzidwenso za Izusan

Mabuku okopa alendo ku Atami, mzinda wa m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Shizuoka ku Japan, amatamanda zonse kupatula chinthu chimodzi. Amakuuzani kuti sitima ya Shinkansen imakufikitsani kuchokera ku Tokyo ola lisanakwane. Amakuuzani za akasupe a madzi otentha amene wolamulira dziko Tokugawa Ieyasu anasambamo mu 1604, za mchenga wa Sun Beach, za chimtengo cha pa kachisi wa Kinomiya chimene akuti chadutsa zaka 2,000, ndi za makombola amene akhala akuphulitsidwa pagombe kuyambira 1952. Zonsezi nzoona. Koma za tsoka la ku Izusan, dera la mumzindamo, ali duu!

Pa 3 July 2021, matope anatsetsereka m'chigwa cha Aizome ku Izusan mpaka kunyanja, nawononga nyumba zoposa 100. Anthu 28 anamwalira. Ameneyu sanali napolo wamba. Pamwamba pa chigwacho panali chimulu cha dothi chimene kampani ina inatayapo. Inalonjeza mamita 15, chimulucho chinafika pafupifupi mamita 50. Akuluakulu a boma ankadziwa. Mu 2011 anaganizapo zolamula kuti akonze, kenako anangokhala chete. Lamulo lokhwima linadzayamba kugwira ntchito mu 2023, maliro atachitika kale.

Ena akuti tisaopseze alendo, mahotela angavutike. Amenewa ndi maganizo amantha, ndipo ndi achipongwe. Kodi mlendo ndi khanda loti n'kulibisira maliro? Makombola awo omwewo anayamba pofuna kudzutsa mzinda mkuntho wa 1949 ndi moto wa 1950 zitauwononga, ndipo mbiri imeneyo amaifotokoza monyadira. Bwanji tsoka lakale likhale malonda, koma tsoka limene lili ndi eni ake likhale chinsinsi? Yankho lake nlosabisika: mkuntho sungazengedwe mlandu, koma wosayina pepala akhoza. Akuteteza mipando, osati alendo.

Kuyambira April 2025 mlendo wogona ku Atami amalipira msonkho wa mayeni 200 usiku uliwonse. Ngati ndalama yake ikulandiridwa, choonadi nachonso apatsidwe.

Pitani ku Atami, ndi mzinda wokongoladi. Sambani, idyani nsomba zowuma za himono, onerani makombola. Koma kwerani masitepe a kachisi wa Izusan, muyang'ane chigwa chija, mufunse amene analola dothi kuunjikidwa pamwamba pa nyumba za anthu. Buku losatchula anthu 28 amenewo likukunamizani.