Mwini Mowa Ndiye Mlonda wa Mudzi

Ofotokoza mbiri ya Chambe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, amakonda kutchula mkungudza ndi alendo okwera phiri podzera ku Likhubula. Koma ilipo mbiri ina imene mabuku a sukulu saikhudza: ya malo omwera mowa ndi eni ake. Ine ndikuti mbiri imeneyi iri ndi phunziro, lakuti malo otere amakoma kapena kuipa malinga ndi mwini wake.

Mwini mowa woyamba m'midzi yathu anali mayi. Iye ankanyika chimanga kapena mapira kuti apeze chimera, nafulula masese, amene Alomwe amati otheka. Mowawo unali wa dima, wa ukwati, wa maliro ndi wa nsembe. Mwiniyo ankayamba walawa pamaso pa onse, kusonyeza kuti mulibe choipa, kenaka chipanda nkupita kwa akulu. Ana ankapatsidwa thobwa, nakhala patali.

Ndalama ndizo zinasintha zinthu. Kuyambira cha m'ma 1891 Azungu anayamba kulima tiyi ku Mulanje, ndipo minda yao inakoka anthu ambiri, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique. Pobwera malipiro ndi msonkho, mowa nao unasanduka malonda. Amayi ena anayamba kutcheza kachasu, ngakhale kuti boma la atsamunda linkaletsa. Tisaiwale kuti ophunzira ambiri a kuno analipiriridwa sukulu ndi mbiya za amayi otere. Komabe wogulitsayo anali mnansi. Ankadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje, uyo wasiya banja lopanda ufa, ndipo mlandu ukabuka pakhomo pake ankakayankha yekha kwa mfumu.

Titalandira ufulu mu 1964 kunabwera eni ena. Kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, Chibuku nayenso anafalikira, ndipo pa timisika panamangidwa mabala a malata. Eni ake kawirikawiri anali abambo amene anapeza ndalama ku Joni kapena pa ntchito za m'tauni. Lamulo la mowa la 1979 linafuna kuti wogulitsa akhale ndi chiphaso, naletsa kugulitsa mowa kwa ana. Pambuyo pake kunadza masacheti, mowa waukali wotsika mtengo umene mwana ankatha kuubisa m'thumba la kabudula wa sukulu. Boma linawaletsa mu 2015, koma mowa wamtundu womwewo unangosamukira m'timabotolo.

Onani, awerengi, m'mene mwini mowa wakhala akutalikira. Poyamba anali mayi wa pamudzi, kenaka mwini bala, ndipo tsopano nthawi zambiri ndi munthu wokhala kwina, amene wangoika mnyamata wa ganyu pa kauntala. Mnyamatayo sayang'ana nkhope, amayang'ana ndalama.

Ena adzati vuto ndi mowa weniweniwo, kotero malo onse atsekedwe. Koma atsamunda analetsa kachasu, ndipo kachasuyo anangolowa kuthengo. Ena adzati malonda ndi malonda, womwa adzisamale yekha. Kodi mwana wa Fomu 2 angadzisamale bwanji pamene akulu akumutsegulira botolo? Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chifukwa chake ndikupempha kuti khonsolo ya Mulanje, isanapereke chiphaso kapena kuchiwonjezera nthawi, iziyamba yamva kwa mfumu ndi komiti ya sukulu ya deralo. Mwini bala adziwike ndi dzina, ndipo aziyankha yekha mwana akapezeka pamalo pake. Nanu aphunzitsi anzanga, tumani ophunzira akafunse agogo ao mayina a amene ankafulula, ndi malamulo amene ankasunga, agogowo akadali moyo. Ndipo inu amene mwangomaliza sukulu, ena mwa inu mudzatsegula bala chifukwa ntchito njosowa. Palibe chamanyazi pamenepo. Koma tengani mwambo wa amayi aja, amene ankadziwa womutungira ndi womubweza.