Galimoto ikaima, batire silipuma

M'midzi ya kwa Inkosi Chindi ku Euthini, ngakhalenso pa boma la Mzimba, si zachilendo kuona galimoto itafunditsidwa lona pansi pa mtengo. Mwini wake anabwera nayo mu Disembala, mu Januwale n'kubwerera ku Joni, makiyi atasiyira mayi a kunyumba. Galimotoyo imakumbukiridwa tsiku la mavuto, mwana akatentha thupi pakati pa usiku kapena mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana. Munthu apotokola kiyi, injini osalira. Kale tinkangoitana anyamata kuti akankhe, koma galimoto zambiri za masiku ano ndi za otomatiki ndipo sizilira pokankha.

Batire limataya moto pang'onopang'ono ngakhale lisakugwira ntchito. Komanso alamu, wotchi ndi kompyuta ya galimoto zimayamwa moto usana ndi usiku. Likakhala lopanda moto kwa milungu yambiri, pa mapuleti a mtovu a m'kati mwake pamagwira zinthu zolimba ngati mchere zomwe sizichokanso. Zikafika apa, ngakhale mulitchaje bwanji, silisunganso moto.

Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumachepetsa mphamvu ya batire, pomwe oyilo naye amakhala atalimba ndipo injini imafuna mphamvu zambiri kuti itembenuke. Koma chimene chimakalambitsa batire msanga ndi kutentha kwa mu Okutobala, komwe kumaumitsa madzi ake. Kuzizira kumangoulula bala lomwe linalipo kale.

Nanga tichite chiyani? Njira yoyamba ndi kuyendetsa galimotoyo kamodzi pa mlungu kapena pa milungu iwiri, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, ndipo woyendetsa akhale wa laisensi. Kungoiliza mphindi 5 pakhomo n'kuizimitsa sikuthandiza, chifukwa moto umene sitata yadya subwerera wonse.

Ngati palibe woyendetsa, tchajani batire lidzaze, kenaka mumasule waya wa ku mutu wolembedwa (–). Pochotsa batire lonse, yambani ndi (–), kenaka (+); pobwezera, (–) akhale womaliza. Mukatero sipanala siithetheka ikakhudza chitsulo cha galimoto. Dziwani kuti alamu sigwira ntchito waya akamasulidwa, ndipo mawayilesi ena amafuna nambala yachinsinsi kuti ayakenso, choncho mwini galimoto akusiyireni nambalayo. Batire lomasulidwa lizitchajidwabe pakatha mwezi umodzi kapena iwiri.

Poti m'makomo ambiri muli sola, kapanelo kakang'ono ka 5 kapena 10 watts kangasunge batire lodzaza. Panelo lalikulu musalilumikize mwachindunji popanda charge controller, chifukwa lingawiritse batire n'kuliwononga.

Kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter, komwe amakaniko ndi oika sola amakhala nako, kamanena zoona. Yezani injini itazima kwa maola angapo. Batire lodzaza limaonetsa 12.6 volts. Likatsika kufika pa 12.4, litchajeni. Pa 12.2 ndiye kuti latsala theka, ndipo pansi pa 12.0 latheratu.

Ngati batire lanu lili ndi zotsekera zomasula, onani kuti madzi akuphimba mapuleti. Akachepa, thirani madzi a batire ogula, osati a pa mjigo, ndipo musawonjezere asidi. Zoyera zomera pa mitu muzitsuke ndi soda wosungunula m'madzi, mupukute, mumange mawaya zolimba n'kupakapo Vaseline pang'ono.

Samalaninso moyo wa banja. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wosachedwa kuphulika, choncho litchajireni poyera, kutali ndi kandulo, koloboyi kapena mbaula, osati kuchipinda chogona. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka thamangirani kuchipatala. Musalize injini m'galaja yotseka, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo. Batire lakufa musaliswe kapena kulisiya poseweretsa ana, chifukwa mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo kuwonongekako sikubwerera. Kalisiyeni kwa ogulitsa mabatire mukamagula latsopano.

Inu amene muli ku Johannesburg kapena Cape Town, musanakwere basi pa ulendo wotsatira, sankhani munthu mmodzi woyang'anira galimoto, mumuonetse pomasula waya, mumusiyire sipanala yoyenera ndi ya mafuta. Inu otsala pakhomo, lembani pa kalendala tsiku loyeza batire, ndipo musadikire kuti wina adwale kuti mudziwe ngati galimoto ikulira.