LEGENI NDI KAMERA

Pali mau amene amamveka kawiri kawiri m'makomboni a ku Lusaka ndi ku Chipata, ndipo ayenera kutsutsidwa. Mnyamata akakhala cete pakhonde, kamera kapena foni iri m'manja, kudikira kuti pumbwa auluke pa mtengo wa papaya, akulu amati, "Taonani ulesi! Sukulu yonse ija, nchito yace ndiyo kupenyerera mbalame." Koma mphwace akabwera ndi legeni m'khosi ndi atimba atatu m'thumba, akulu omwewo amamtama kuti ndiye mwamuna. Kuweruza kotere nkokhota.

Atimba atatu sakwanira ndiwo ngakhale ya mwana mmodzi. Nanga luso liri kuti? Wa legeni amalasa mbalame itatera, yosadziwa kanthu. Wa ulimbo ndiye salasa nkomwe, amangopaka pa nthambi napita kukasewera. Wojambula wasankha cobvuta koposa, ndico kugwira mbalame iri m'mlengalenga, mapiko ali tambalale, osaikhudza. Kambalame kakang'ono kamakupiza mapiko kambiri pa sekondi imodzi, kotero kuti diso la munthu limangoona cizirezire. Kuti nthenga zioneke bwino, kamera iyenera kuphethira msanga, monga gawo limodzi la magawo 2,000 a sekondi, ndipo kuphethira kotere kumafuna kuwala kwambiri. Cifukwa cace wojambula amadzuka m'mamawa, nakhala dzuwa liri kumbuyo kwace.

Ndiponso sangathe kutsata mbalame ndi kamera monga mlenje atsata gwape, imamsiya. Ayenera kudziwiratu njira yace. Amaika mbale ya madzi pabwalo, makamaka m'mwezi wa October pamene zithaphwi zauma, nazika kanthambi kouma pafupi. Masiku angapo amangopenya, kufikira atazindikira kuti mbalame imayamba yatera pa nthambi, niceuka uku ndi uku, ndipo pambuyo pace itsikira kumadzi. Tsono amalunjikitsa kamera pa mpata wa pakati pa nthambi ndi mbale, pamene palibe kanthu, nadikira. Zithunzi zambiri zimaturuka ndi mcira wokha, zina ndi nthambi yokha. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kodi kudekha kumene anakuyamika m'mwambi kwasanduka ulesi lero cifukwa kwagwira kamera?

Ena amati imeneyi ndi nthabwala ya Azungu olemera, yopanda phindu. Amenewo sadziwa mbiri. M'caka ca 1882 Mfalansa wina, Étienne-Jules Marey, anapanga kamera yooneka ngati mfuti, yojambula zithunzi 12 pa sekondi imodzi, nailoza pa mbalame zouluka. Mfuti imeneyo sinaphe mbalame, koma inaonetsa anthu mmene phiko limatsikira litatambasuka ndi mmene limakwerera litapindika, cimene alenje a mibadwo yonse sanacione. Otto Lilienthal wa ku Germany anapenyetsetsa kuuluka kwa adokowe nalemba buku m'caka ca 1889, ndipo Wilbur ndi Orville Wright, amene anaulutsa ndege yao mu 1903, anawerenga za nchito yace, iwonso napenya mbalame. Munthu wokwera ndege ku Lusaka namaseka wopenya mapiko a mpheta akuseka muzu wa mtengo umene wakhalapo.

Ngakhale pabwalo la nyumba pali zodabwitsa. Cithunzi cabwino cimaonetsa mpheta iri m'mwamba, mapiko atatsekeratu, ikuyenda ngati mwala woponyedwa. Pakuti timbalame tambiri timakupiza pang'ono, kutseka, ndi kukupizanso, ndico cifukwa kuuluka kwace kumakwera ndi kutsika. Mwana amene waona cimeneci ndi maso ace waphunzira sayansi yoposa ya pa bolodi. Dziko la Zambia liri ndi mitundu ya mbalame yoposa 700, koma ophunzira ambiri sangachule maina khumi m'Cinyanja, pamene agogo ao osadziwa kulemba ankadziwa mbalame iri yonse ndi kulira kwace. Kamera ingabweze ana kwa agogo kukafunsa maina amenewo asanatayike.

Mlimi adzati, "Nanga mapira anga?" Ameneyo ali ndi mlandu womveka, pakuti mpheta za milomo yofiira zikagwa m'munda mwaunyinji zimatha mbeu tsiku limodzi, ndipo palibe womletsa kuingitsa. Koma namzeze walakwanji, amene cakudya cace ndi tizirombo touluka? Legeni ya pa komboni siteteza munda uli wonse. Imangotha mbalame za pa mpanda.

Ojambula ena naonso ali ndi mlandu. Alipo amene amathyola masamba ophimba cisa kuti kuwala kulowe, kapena kugwedeza nthambi kuti make wa anapiye adzidzimuke nauluka pamene iwo akonzeka. Timba sacepa ndi mazira ace. Cisa cikabvundukulidwa, khwangwala ndi mphaka amaciona tsiku lomwelo, ndipo dzuwa la masana limapsereza anapiye asanamere nthenga. Wocita zotere akabwera kudzaonetsa cithunzi cace, afunsidwe poyera kuti anapiye aja anauluka kapena iai.